Khoma Lokhota

Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndamanga makoma owongoka.
Chingwe, levulo, ndi diso langa lamanzere.
Makalasi a ku Chomba, mashopu atatu pa Soko,
mpanda wa mzikiti wa kwathu ku Mpondasi,
palibe ndi limodzi lomwe linapendekeka.
Ndiye Abiti Ndembo atulukira ndi pepala lalitali ngati mkeka,
chipewa cholimba chikuwagwera m'maso,
akuti, "Che Twaibu, ili likhote."

Ndinaseka mpaka matope anauma pa mpeni.
Mwana wa dzulodzulo
kundilipira kuti ndilakwitse dala!

Sanakangane nane.
Ananditengera m'nyumba yakale yosungiramo thonje,
nati, "Ombani m'manja."
Ndinaomba.
Makoma anayi onse anandiyankha mwano nthawi imodzi.
"Mwamva? Lowongoka limabweza mawu.
Lokhota limawasenza,
kukawatula kwa uja wakhala kumbuyo kwenikweni,
uja walipira zochepa."

Tinayamba mu Okutobala, dzuwa likuwotcha ngati lili ndi mangawa nafe.
Njerwa zina ankati zituluke, zina zilowe,
khoma lamkati n'kukhala ngati mano a ng'ona.
Pamwamba tinasiya mipata dala,
mwera uzilowa osagogoda,
thukuta la anthu mazana anayi lizipeza potulukira.
Zitsulo za denga zinaoloka mlatho wa Shire m'bandakucha,
akabaza akupatuka, akutukwana, kenako akulondola pambuyo kuti aone.
Titazikweza linakhala lichero lovundikira.
Ena pa depoti akuti ndi sitima yosochera.

Mlambe uja sitinaudule.
Anasuntha khomo lalikulu mikono isanu ndi iwiri,
makontirakitala akudandaula za simenti,
ndipo amayi a zitumbuwa akadali pamthunzi pawo pomwe paja,
kungoti tsopano ali ndi mpopi.
Jafali wosoka nsapato anayesa njira yopanda masitepe ndi njinga yake ya manja,
anakwera, anatsika, anakweranso,
nati yatsetsereka kwambiri.
Tinaigumula. Masiku anayi.

Pansi povinira ndi pa matabwa, kunsi kwake kuli mphako.
Akuti pazikhululukira maondo a ovina beni.
Ine maondo anga
palibe anawafunsapo.

Ku tiyirumu amandifunsa,
"Ndalama zonsezi, chipatala chilibe ndi panado yemwe?"
Ndimangophwetera tiyi.
Mayi a kunyumba anabwerako chimanjamanja mwezi wathawu,
ndiye ndiyankhe chiyani?
Ine ndinapatsidwa njerwa.

Dzana, titachotsa mitengo yokwererapo,
ndinatsalira ndekha kuwerenga mipando.
Imatsika m'mizere ngati minda ya m'mapiri a ku Namwera.
Ndinakhala mzere womaliza, pakona,
nsapato zili m'manja kuopa kudetsa.
Asiyatu, mdzukulu wanga, anabwera kudzanditenga,
uja aphunzitsi amamukalipira tsiku ndi tsiku,
"Kweza mawu, kodi uli ndi madzi m'kamwa?"
Analowera khomo la ovina, posadziwa,
n'kupezeka ali pakati pa bwalo,
kakang'ono ngati njere ya therere m'mbale.

Anayang'ana uku ndi uku. Sanandione.
Ndiye ananong'ona, monga achitira nthawi zonse,
"Anganga, muli kuti? Kwada."

Ndinatembenuka kuyang'ana paphewa panga.
Ndimayesa ali pomwepo.

Sindinayankhe msanga.
Ndinafuna anenenso.

Loweruka akutsegulira, kubwera magalimoto a mbendera,
ndipo sindikudziwa ngati tikiti ndingaikwanitse.
Koma mukadzakhala mzere womalizawo, pakona,
pisani dzanja kuseri kwa mpando.
Pali njerwa ina ili ndi chidindo cha chala chachikulu.
Ndi pamene ndinaima tsiku lija, levulo ili m'thumba,
manja akunjenjemera,
n'kulola khoma langa loyamba
kukhota.