Kukonza Nambala

Mphepo ya m'Marichi ikasiya kukuntha malata
ndimatseka positi ofesi, n'kupachika kapepala pachitseko,
n'kunyamula makwerero, burashi ndi kachitini ka penti,
ulendo wa kumsewu waukulu
kumene chikwangwani chobiriwira chimauza odutsa
kuti pa Tolliver Siding, m'chipululu cha Nevada, tilipo angati.

Chaka chatha ndidalemba makumi anayi ndi atatu.

Orval Teague tidamuika m'manda mu Novembala,
nthaka itauma gwa, mpaka tidachita kubwereka makina okumbira.
Mapasa a kwa Etxeberri adakwera basi ya ku Reno,
wina kukaphunzira unamwino, winayo sadanene.
Ndiye atatu achoka.
Koma Marisela wa pagalaja wachira, mwana wamkazi,
wobadwira m'galimoto pakati pa njira
poti chipatala chili maola awiri kuchokera pano.
Ameneyo ndi wathu, ngakhale boma lisanamudziwe.

Ndikakwera pamwamba dziko lathu lonse limakwana m'maso.
Kum'mawa kuli nyanja imene idaphwa kalekale,
padatsala mbale yoyera mbee ya mchere
pomwe akavuluvulu amavina okha masana.
Kumadzulo mapiri afunda chipale chofewa
chimene sichitsika, chimangotiyang'ana.
Pakatipo njanji, yowongoka ngati chingwe cha mmisiri,
ndi ife: nyumba makumi awiri, thanki imodzi.

Madzi ndiwo adatiitana.
Sitima ya nthunzi inkafika pano kukhosi kuli gwa,
choncho amuna ochokera ku China adakumba chitsime,
mayina awo palibe adawalemba.
Kenako wina adapunthwa pamwala wa siliva.
Mwezi usanathe padali mahema, mabala a mowa asanu, kandende,
anthu mazana asanu ndi anayi.
Siliva atatha padatsala abusa a nkhosa
ochokera kumapiri a pakati pa Spain ndi France,
makolo a mapasa aja.
Dizilo atabwera sitima idaleka kumva ludzu.
Imadutsabe, kawiri pa tsiku, koma siima,
imangolira ngati munthu wopereka moni ali panjinga.

Ndikapala penti ndi mpeni
manambala akale amasuzumira, ena pansi pa anzake:
dzanja la mayi anga,
dzanja la mphunzitsi Loomis
amene m'sukulu yake tikusungiramo udzu wa ng'ombe.
Faifi wa mayi adali wonenepa pamimba.
Ndimamusiya apumeko mpweya pang'ono
ndisanamukwirirenso.

Mnyamata wa galimoto ya katundu waima kuti ataye madzi.
Akuti, Mayi, mukudikira chiyani kuno kopanda kanthu?
Ndikadamuuza za usiku wa mu Ogasiti,
nyenyezi zikatsika mpaka pampanda wa khola,
kapena fungo la tchire mvula ikalakwitsa njira n'kutigwera,
koma penti amauma msanga kuno.
Ndangoti, Tandigwirira makwererowa.
Wagwira, maso ali pa wotchi.

Folo ndamusiya momwe alili.
Fili ndamufufuta.
Wani ndiye savuta,
mzere umodzi woonda, woima wokha
ngati mtengo wa telefoni pachigwa,
komabe dzanja landinjenjemera, wapendekera pang'ono.

Madzulo Marisela abwera naye kudzaona.
Dzina sadagwirizanebe ndi bambo wake,
koma pachikwangwani walowa kale.