Malisiti Osuluka

Ndinabwera ndi chitini cha mabisiketi
chodzaza mapepala a zaka zisanu ndi chimodzi,
n'kuchiika pa tebulo la Mayi Nansongole
ngati wofikitsa wodwala kuchipatala mochedwa.

Khoti linali litanena kale zake:
Twaibu Likwemba, wa shopu ya zipangizo za njinga
kuseri kwa depoti, walephera.
Ngongole zamupitirira msinkhu.
Ndinatuluka m'khotimo thupi lili pepuu,
ndikuti wogona pansi sagwetsedwanso.

"Nanga za msonkho mwaziganizira?"
Anafunsa osadzutsa mutu.
Fani yakudenga inkangotakasa kutentha komweko.

Ndinati, mayi, msonkho wanji
pomwe pachitseko pali loko wa eni nyumba?
Anyamata a kabaza analeka kupalasa,
anakwera njinga zamoto.
Masipoko anga achita dzimbiri m'mitolo,
matcheni, mabelu, zishalo makumi anayi
zosakhalidwapo ndi munthu.

Anati, pepani, ndamva.
Koma ngongole sizifanana nkhope.
Ya holoselo ya ku Limbe ili pamzere wake,
ya banki inagwira chikole,
ya alamu anu Che Mdoka mukakambirana pa Idi.
Ya boma siiwala dzina.
Ndipo kandalama kaja munkawonjezera pa tayala lililonse,
kaja wogula ankakupatsirani kuti mukapereke,
sikanali kanu chiyambire.
Munkangosunga. Kali kuti?

Kali kuti.
Kanalipira lendi ya Febuluwale.
Kanagula mankhwala a shuga a bambo ku Namwera.
Kanakwera basi ndi Asiyatu kupita kukoleji.
Zonsezi sindinanene.
Ndinangoyang'ana nyerere
ikukoka phiko la ngumbi m'mbali mwa khoma.

Kenako ndinatsegula chitini
kuti aone zaka zomwe ndinapereka,
poti ndinaperekadi, Mulungu ndi mboni,
ndinaima pamzere kubanki malaya atamatirira kumsana.
Koma Mangochi ndi ng'anjo.
Timapepala ta makina tija
tinali titayera mbee.
Manambala anasungunuka, madeti anathawa,
kukhulupirika kwanga konse
kunasanduka mpukutu wopanda mawu.

Mayi aja anatola kamodzi,
anakalozetsa kuwindo, anatsinzina diso limodzi.
"Apa pakuoneka ngati seveni."
Tinaseka tonse awiri,
kuseka kwa pamaliro kuja.

"Zaka zomwe munaluza, munabwera kudzanena?"
Ndinati, ndani amanyamula manyazi ake
kukawadinditsa chidindo?
Phindu litatha ndinangoti zii,
ndimayesa wopanda kanthu alibe chonena.
Anati, chete nayenso ali ndi chindapusa,
ndipo amaswana mwezi ndi mwezi.
Mukanalemba kuluzako, kukanakulankhulirani lero.

Anang'amba pepala, nalemba ndi dzanja lamanzere.
Pitani kubanki akakutulutsireni mbiri ya akaunti,
makina awo sasuluka.
Mafomu a zaka zachete mudzaze, ngakhale ndi ziro.
Makina osokera mukuti ndi a Abiti Chande,
bweretsani umboni, asawerengedwe pa katundu wanu.
Musagulitse kanthu mobisa usiku.
Zotsalazo tidzakhala pansi,
tione ngati mungamadule pang'onopang'ono
monga adyera nzimbe, mfundo ndi mfundo.

Chitini ndinabwerera nacho.
Mkazi wanga anakhuthula mapepala,
muli mabatani ndi ulusi tsopano.

Lero ndimamata machubu pansi pa mtengo wa nimu
panjira yopita ku M'baluku,
pampu yobwereka, beseni la madzi akuda.
Ndikamiza chubu ndimadikira tithovu,
bowo silibisala m'madzi.
M'thumba muli kope la ana asukulu
ndi bolopeni yomangirira chingwe.
Faifi handiredi iliyonse ndimalemba,
tsiku lopanda kasitomala ndimalembanso:
Lachitatu, ziro.
Kumapeto kwa tsamba ndinajambula mzere,
mbali iyi yanga,
mbali iyo ya eni ake,
ndipo kopelo ndimalisunga pamthunzi.