Kalembera wa afisi

Bambo anga ankawerenga ng'ombe pachipata cha khola.
Ine ndimawerenga afisi.
Akanakhala moyo, sakanandiyankha moni.

M'mawa uliwonse, mame asanakamuke m'dambo la Talek,
ndimaimika galimoto pansi pa mthethe wopindika uja,
kope pabondo, pensulo kukhutu,
kudikira una wakale wa njiri kuti ulavule ana.
Amatuluka ali bii ngati makala.
Amabadwa maso ali chipenyere, mano atamera kale,
ndipo mapasa amayamba alumana kaye asanapeze bere.
Mawanga amadza pambuyo, monga imachitira mbiri.

Wa khutu long'ambika uyo ndinamutcha Nalotuesha,
dzina la azakhali anga amene sankabwereza mawu.
Kuno ufumu ndi wa akazi.
Iye akafika pa nyama, amuna amapatuka, michira m'miyendo,
kamwana kake kosaposa galu n'kumadya
chimphongo chili poteropo, chikumeza malovu.
Parsaloi anachokera kutsidya kwa mtsinje;
chaka chachitatu chino akudyabe zikopa ndi ziboda.
Kuseka mumamva usiku kuja si chimwemwe ayi,
ndi wonyozeka akupempha kuti asalumidwenso.

Amati ndi akuba, odya zotsala.
Ine ndinaona ndi maso angawa, mwezi uli mbee:
Nalotuesha ndi alongosi awiri ndi ana ake aakazi
atasankha nyumbu imodzi pakati pa chikwi,
osathamanga mwaukali, kungoitsata,
kuitsata, kuitsata, mpaka mpweya unaithera pachigwa.
Mkango unafika nyama ili yofunda, n'kukhalapo.
Kutacha, alendo anadza ndi makamera awo,
anajambula mwini nyama wabodzayo,
wina n'kuloza afisi ali chapatali:
taonani opemphapempha aja.
Ndinangolemba nthawi m'kope.

Akadya sasiya kanthu koma nyanga.
Fupa la mbidzi limalira m'kamwa mwawo ngati nkhuni youma,
ndowe zawo zimauma mbuu ngati choko cha kusukulu.
Nyama ikatsala amaimiza m'chithaphwi,
mawa n'kubwera kudzaivuula, mutu wonse m'madzi.

Kenaka chilala.
Nyumbu zinapita kumwera, msipu unasanduka fumbi,
ndipo usiku wina minga ya khola la amalume Kimunyak inagonja.
Ng'ombe yamkaka, ya nyanga imodzi.
Iwo sanakuwe, sanatenge mkondo.
Anagula kapaketi ka mankhwala a mbozi kumsika wa Aitong
n'kuwaza pa chotsalacho.

Lachitatu ndinapeza asanu ndi awiri.
Miimba nayo ili ngundangunda, mapiko chitambasulire.
Nalotuesha anafera pafupi ndi madzi,
thovu kukamwa, mabere odzaza.
Pambali pa nambala yake ndinajambula kamtanda,
pensulo n'kuthyoka.

Madzulo ndinapita kwa amalume, mawu ali pakhosi.
Ndinapeza akuwerenga ng'ombe pachipata:
imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi,
n'kuyambiranso, ngati yachisanu ingatulukire.
Mwana wawo Resiato anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi.
Anandipatsa chipanda cha mkaka.
Ndinamwa.

Fisi kawirikawiri sayamwitsa mwana wa mnzake.
Masiku anayi tiwiri tija tinkasuzumira pakhomo pa una,
makutu ali njo, kumvetsera njira ya kumtsinje.
Lachisanu kanasuzumira kamodzi.
Kenaka una unangoti zii.

Koma dzulo usiku, ndili chigonere,
ndamva uuuwi! kuchokera kudambo,
mawu okwera kumapeto ngati funso,
ndipo patali wina wayankha.
Ndikumudziwa: mwana wamkazi wa Nalotuesha,
wa mawanga atatu ondondozana paphewa lamanzere.
Lero m'mawa ndamupeza pa una wina, kumtunda kwa chulu,
kanthu kakuda kakumukoka mchira.

Ndatsegula tsamba latsopano.
Ndajambula phewa lopanda kanthu.
Mawanga ndidzadikira.