Chikepe cha ku Valparaíso

Ntchito yanga ndi kutseka chitseko cha chikepe
ndi kuliza belu.
Kanyumba kathabwa kamakwera phiri pa njanji yake,
kanzake n'kumatsika nthawi yomweyo,
timakumana pakati osapatsana moni.
Kumunsi kuli doko, sitima zosenza makontena,
ndi Evaristo wanga mu chipewa chachikasu,
kadontho pakati pa zitsulo.

Kuseri kwa buku la matikiti ndimalembako masiku.
Kamtanda kofiira. Kamtanda kofiira.
Miyezi khumi ndi inayi tsopano
mwezi ukubwera osaphonya, mlendo wopanda manyazi,
umandipeza m'kachimbudzi ka pasiteshoni
nditatsegula mpopi kuti okwera asamve.

Apongozi anga a Hortensia amabwera Lamlungu
ndi masamba owawa a ku Quillota, amawiritsa okha,
amandisisita pamsana, ati dekha mwanawe,
ifenso zinatitengera nthawi.
Ndikudziwa, kuona maso a nkhono n'kudekha.
Koma nkhonoyo yatulutsa maso, yabweza, yatulutsanso,
ndipo zaka zanga makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri
sizinaphunzire kudekha.

Ndimanyamula ngolo za ana a eni pakhomo pa chikepe.
Ndimadziwa kulemera kwake.
Wina anandipatsa khanda kuti afufuze chenje m'chikwama,
fungo la mutu wake linanditsata mpaka madzulo,
ndinapsereza mpunga.

Amparo ndi mzamba, amatsika ulendo woyamba m'mamawa
atavala juzi pamwamba pa yunifolomu.
Tsiku lina buku linagwa chagada, anatola ndi iye.
Anawerenga timitandato ndi chala, milomo ikuyenda.
Sanandimvere chisoni, ndipo ndinamuthokoza mumtima.
Anati: wosakwana zaka makumi atatu ndi zisanu
ayese chaka chathunthu asanabwere kwa ife.
Wopitirira pamenepo, miyezi isanu ndi umodzi yakwana.
Ngati mwezi umasokonekera, kapena umakupinda ndi ululu,
palibe chodikira.
Chikepe chinagunda pansi. Potuluka anatembenuka:
ndipo usabwere wekha ngati wakuba,
nkhani iyi ndi ya anthu awiri.

Usiku Evaristo ankasenda lalanje ndi kampeni kake.
Ndinanena zonse ndikuyang'ana khoma.
Khungu la lalanje linatalika, linatalika, osaduka.
Kenako anati, nanga akakapeza kuti ndine?
Kudoko anyamata alibe pakamwa pabwino,
adzati ndinagwa mumpapaya.
Ndinati ine ndakhala ndikugwa mwezi uliwonse
ndekha, mpopi uli chitsegulire.
Anayang'ana manja ake nthawi yaitali.
Anagawa lalanje pakati, nandipatsa mbali yaikulu.

Lachiwiri tinapempha tchuthi tonse awiri.
Ndinagula tikiti pa zenera langa lomwe,
Rigoberto anatitsekera chitseko, analiza belu molakwitsa, kawiri.
Chifunga chinali chisanachoke panyanja.
Evaristo anavala malaya a ukwati wa mlongo wake,
kolala ikumuluma pakhosi,
dzanja lake lozolowera zingwe
likutuluka thukuta m'dzanja langa.

Sindikudziwa zimene akatiuze.
Mwina magazi, mwina machubu, mwina kakapu kapulasitiki
kamene akamupatse iye, nkhope itagwa.
Mwina akati zonse zili bwino, pitani mukayesebe,
amene ndi mawu ovuta kuposa onse.
Ndang'amba tsamba la timitanda, lili m'thumba la jekete,
adokotala akafunsa kuti mwayamba liti
sindikalankhula ndi misozi, ndikangolitambasula patebulo.

Pakati pa phiri tinakumana ndi kanyumba kokwera.
Munali kamtsikana, mphuno itaphwatalala pagalasi,
mano awiri akutsogolo palibe.
Chaka chonsechi ndakhala ndikuyang'ana kumbali.
Lero ndinakweza dzanja.
Iko kanatulutsa lilime.