Sitetasi ya Tinyade

Ntchito yanga ndi kulondera geti ku Sandton:
mpando wapulasitiki, tochi, buku lolembamo magalimoto.
Ikakwana thuu koloko, mabwana ali m'tulo,
ndimayatsa foni kuti ndimuone mwana wanga.

Kunyumba ku Rosettenville, Tinyade sayankhula.
"Kusukulu bwanji?" "Bwino."
"Wadya?" "Eee."
Mawu amachita kuwerenga ngati chenji cha m'tekisi.
Koma pa sitetasi, aa, mtsikanayu ndi wailesi.

Lolemba anaika nkhunda yonyowa
ili pa waya wamagetsi, diso limodzi lotsinzina,
m'munsi n'kulemba: ine mu kalasi ya masamu.
Lachiwiri, tirole ya m'shopu yopindika tayala,
yokhotera kumanzere ngakhale uikankhe bwanji:
ine akamati ndikhale chitsanzo kwa mng'ono wanga.
Anzake amangothira timitu tachikasu totuluka misozi.
Boitumelo analemba kuti wafa, wafa ndithu,
ine mtima phwii!
Kenako ndinamva kuti ana a lero akafa ndiye kuti aseka.

Amati ndi mimu.
Ndinafunsa Sibanda wa pageti lachiwiri,
anati nthabwala chabe, mdala, musadwale nazo mutu.
Komabe nkhunda ija ndinaiyang'ana mpaka m'bandakucha.
Mapewa ake ndinawazindikira.

Lachitatu inali firiji yathu magetsi atathima,
chitseko chotseka bwinobwino:
ine, phee, koma m'kati zonse zikusungunuka.
Ndinadutsa firiji imeneyo m'mawa, osaiona.

Usiku wa Lachisanu kunagwa mvula yamatalala.
Anajambula chikwama chamizeremizere chija
chili pamwamba pa wadiropu,
chomwe tinadutsa nacho pa Mwanza ndi pa Beitbridge iye asanabadwe,
zipi yake yosokedwa ndi ulusi wa thumba la ufa,
chosamasulidwa chonse, chosamangidwa chonse.
M'munsi mwake:
ine akandifunsa kuti kwanu n'kuti.

Anabadwira pa South Rand, pamtunda pomwepa.
Kusukulu amamuuza kuti abwerere kwawo.
Asuweni ake ku Balaka amamuseka lilime pafoni,
amati wa ku Joni uyu, Chichewa chake n'chogula.
Sanandiuzepo zimenezi. Ndinazimva kwa chikwama.

Palibe anaika kamutu koseka.
Pofika folo koloko anali atachifufuta,
koma foni simabisa: dzina langa linali pa amene aona.

Ndiye ndinadzuka, ndinajambula mpando wanga,
mwendo wake umodzi womangidwa ndi waya,
tochi ili pambali ngati mlendo.
Ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso,
chala changa chachikulu chikugunda zilembo ziwiriziwiri:
ine ndikudikira munthu wina andiuze za kusukulu.

Yankho linabwera matekisi oyamba atayamba kuliza mahutala.
"Adadi chotsani. Sizipangidwa choncho."
Pansi pake kamutu kachikasu kaja, misozi mbali zonse.
Ndinakakulitsa ndi zala ziwiri,
ndinakabweretsa pafupi ndi maso,
osadziwabe ngati kakuseka kapena kakulira.

Tinakumana pakhomo, ine ndikulowa, iye akutuluka,
ndowa ya zochapa m'manja, timawaya m'makutu.
Anachotsa kamodzi.
"Mpando uja," anatero, akuyang'ana nsapato zanga,
"mumakhalapo usiku wonse?"
Ndinati eee.
Anati mmm.

Anaima pang'ono, ngati munthu woiwala makiyi,
kenako anatsika masitepe.
Chikwama chikadali pa wadiropu.
Sindinachotse chithunzi changa,
chili ndi maola ena khumi ndi asanu ndi anayi kuti chizime chokha,
ndipo pa amene aona pali Sibanda,
pali mlamu wanga wa ku Germiston,
pali Tinyade.