Kulemera kwa Thumba

A landilodi anathira simenti pabwalo ponse,
ati matope amadetsa khonde.
Ndiye munda wanga uli m'matumba asanu ndi awiri
amene a Kambalame a pa Mchesi anandisokera
ndi nsalu yokhuthala ya pakaunjika,
atandifunsa kawiri ngati ndikufunadi kuthiramo dothi.

Ndimafika m'bandakucha kuchokera ku Kanengo,
yunifolomu ikununkha fodya wa eni ake
amene ndamulondera usiku wonse.
Sindiyamba ndi ndowa.
Ndimayamba ndi chala.

Ndimachibaya mpaka pamfundo yachiwiri
chifukwa pamwamba pamanama,
pamauma mbuu pomwe pansi pali chinyezi
chobisika ngati ndalama ya pansonga ya chitenje.
Chala chikatuluka dothi litakakamira, ndimadutsa.
Chikatuluka choyera,
ndiye kuti tomato ali nane mlandu.

Kenaka ndimagwira zogwirira, n'kunyamula pang'ono.
Msana wanga unaphunzira msanga kuposa mutu:
lolemera lakhuta,
lopepuka likupempha osatsegula pakamwa.

Okutobala woyamba ndinali wopupuluma.
Ndinakhuthula ndowa yonse kamodzi, khuthu!
Osadziwa kuti dothi linali litafota,
litasiyana ndi nsalu ngati banja lokwiyirana.
Madzi anatsetsereka m'mbali,
anatulukira m'maso a nsalu,
n'kuyenda pasimenti mpaka pakhomo pa a landilodi,
mizu osalawako n'dontho lomwe.
Tsabola anafa ali chiimire,
ine n'kulipira madzi amene sanamwe.

Tsopano ndimathira kapu imodzi,
n'kupita kukavula nsapato.
Ndikabwera, ina.
Ndikatsuka m'kamwa, inanso,
mpaka m'munsi mwa thumba mutada pang'ono.
Waludzu lenileni sumupatsa chigubu.

Thumba lansalu limapuma mbali zonse,
n'chifukwa chake mizu siwola msanga,
n'chifukwa chakenso mphepo ya Ogasiti
imaliyamwa ngati mwana woyamwa nzimbe.
Ndinawathithikiza pamodzi
ngati okwera minibasi ya ku Chinsapo,
lina libise nthiti za linzake.
Pamwamba ndinayala makoko a mtedza
amene Nasibeko wa pasiteji amandisungira m'jumbo,
malipiro ake mpiru masamba khumi.

Mpopi ukangotsokomola mpweya masiku atatu
timawerenga madontho.
Otsukira mpunga, a tomato.
Otsukira masamba, abwerere kwa masamba anzawo.
A sopo ayi, ndinamuuza Tsilizani,
ndipo dzuwa likafika paliwombo usawamvere chisoni,
akufota mwaulemu chabe,
madzulo adzuka okha.
Iye amagwedeza mutu,
koma ndimapeza simenti ili yonyowa pansi pa thumba la anyezi,
limene amalitcha lake.

Januwale amatembenuza malamulo onse.
Amene ndinkawanyengerera kuti amwe
ndimawakweza panjerwa kuti akhetse,
ndimawakokera kukhonde mvula ikakana kukata,
ndimanunkhiza dothi
kuti ndimve ngati layamba kusasa.

Sabata yatha kalata inalowa pansi pa chitseko.
Lendi yakwera.
Tapeza chipinda ku Area 23, kuseri kwa chigayo,
akuti mpopi wake ndi wa mabanja asanu ndi limodzi.

Lero sindinathirire.
Chala chatuluka choyera, ndachipukuta pathalauza.
Wa ngolo akubwera mawa m'mawa,
ndipo amayamba wanyamula katundu asanatchule mtengo.
Pirirani ludzu la tsiku limodzi, anzanga,
mupepuke tikwere.
Tikakafika ndidzayamba ndi inu
ndisanamange n'komwe bedi,
kapu imodzi,
kenaka ina.