Kabuku ka Ngongole pa Chitakale

Lachisanu la malipiro.
Chiperoni chatsika phiri osagogoda,
chakhala pakhonde ngati kasitomala wopanda ndalama.
Ine ndapukuta matebulo kawiri,
ndathira madzi m'beseni la matambula,
kabuku ka ngongole ndakabisa pansi pa kauntala
pomwe amadziwa ndi mphemvu zokha.

Oyamba kulowa ndi a m'minda ya tiyi,
zala zitada ndi utomoni wa masamba,
malaya akununkha mame ndi utsi wa fakitale.
Lingisoni Mukhuna waponya ndalama patebulo
ngati si zake.
Akuti lero sikelo ya kapitawo yanena zoona,
koyamba mwezi uno.

Kenako anyamata a kabaza,
matope a ku Muloza mpaka m'mawondo.
Wina wabisa botolo la kutsidya m'jekete.
Ndamuona, ndayang'ana kumbali:
mayi ake anandibwereka chitenje pa maliro a mlongo wanga.

Panja Witinesi akutembenuza kanyenya,
mafuta akulalata pachiwaya.
Mtsikana wa nanazi sanapitebe kwawo,
wasenda yomaliza, akudya yekha.
Mipira ya pulu ikugundana ngati mano a wodwala malungo.
Sipika yathu ili ndi chifuwa
koma Esinati wa ku saluni akuvina nayo choncho,
nsapato imodzi ili kumanja.

Cha m'ma leveni, magetsi thii.

"Aaa!" bawa lonse pakamodzi,
kenako zii.
Jenereta ilibe mafuta, bwana anamwera dzulo.
Mumdimamo tikumva zomwe timaiwala:
madontho pamalata,
galu kutali cha ku Chisitu,
ndi phirilo,
losanena kanthu koma umalimva pamsana kuti lilipo,
chilumba cha mwala pakati pa minda yobiriwira,
ife m'tsinde mwake ngati nyerere pa chitsa.

Ndayatsa kandulo.
Patsogolo panga paima a Khoviwa, alonda a pa chigayo,
amene sanalawe dontho
chiyambire chaka chija Napolo anatsika ndi miyala.
"Tsegula kabuku," akutero.
"Pa dzina la Namagowa."

Tsambalo ndimalidziwa. Ndimalidumpha.
Mabotolo asanu ndi awiri,
mbale ya mang'ina, ndudu zitatu,
ndi deti la tsiku lomwe mvula inayamba.
Namagowa sanapezeke.
Anangofukula njinga yake mumchenga, kutali kumunsi,
belu lake likulirabe.

"Wakufa sakongola, bambo," ndikutero.
"Sitinamuike," akuyankha.
"Munthu wosaikidwa, ngongole yake imayendabe usiku."

Akuyala ndalama pakauntala, zina zonyowa,
akuwerenga, akunyowetsa chala, akuwerenganso.
Yaperewera faivi handiredi.
Lingisoni, amene ndimayesa wagona kalekale,
watambasula dzanja osadzutsa mutu,
wakankhira pepala lake pakandulo.
Palibe wathokoza. Palibe watsokomola.

Ndatenga bolopeni.
Mzere umodzi wokha,
koma dzanja lanjenjemera
ndipo wakhotakhota ngati msewu wa ku Thyolo.

Magetsi abwera.
Sipika yayambira pomwe inasiyira,
Esinati akufunsa amene wapondera nsapato yake,
a kabaza akukangana kuti inali nthawi ya ndani kumenya mpira.
A Khoviwa akweza kolala, atuluka,
chiperoni chawameza asanafike pamsewu.

Ine ndatsegula botolo limodzi lozizira,
ndaliika kumapeto kwa kauntala,
pa mpando wothyoka mwendo uja
womwe Namagowa ankauchirikiza ndi njerwa.
Thovu lakwera, latsika, latha.
Mpaka tambala woyamba palibe walikhudza,
ngakhale Witinesi
amene amamaliza zotsala za aliyense.

Ndikukolopa, ndikusonkhanitsa zitsekerero.
Kunja mathirakitala ayamba kunyamula antchito,
nsonga ya phiri yasuzumira pamwamba pa mtambo.
Bwana abwera masana kudzawerenga makireti.
Limodzi liperewera.
M'kabuku sindinalilembe.